Kalata ya Mapaipi ndi Khadi Lochapidwa

Tinanyamuka kwathu kunsi kwa phiri la Chambe dzuwa lisanawombe, ine ndi a Namakhwa, tcheyamani wa komiti yathu ya madzi. Ine ndinali mlembi. Mkuluyu ndiye anatikumbitsa ngalande ya mapaipi miyezi itatu, mpaka zikhatho zinachita matuza. Tsikulo kuboma ankagawa mapaipi, ndipo mudzi wosapereka kalata isanakwane 12 koloko ukanadikira chaka china.

Pa Likhubula tinakwera lole ya matabwa, 20 tambala aliyense. Dalaivala anati, "Gwiritsani, madala, msewu uno ulibe m'bale!" Sananame. Pofika pa Chitakale tonse tinali tofiira ndi fumbi ngati njerwa. A Namakhwa anamasula nyemba za kalongonda zimene akazi awo anawamangira, tinadyera pamodzi, chala m'mbale imodzi.

Tikusamba m'manja, anatulukira achinyamata a chipani, atavala malaya ofiira.

"Makhadi!"

Langa ndinatulutsa msanga. A Namakhwa anapisa m'jekete natulutsa phala lokhalokha louma. Mayi a kunyumba kwawo anali atachapa jeketelo khadi lili momwemo. Anthu anaseka, koma anyamatawo sanaseke. Masiku amenewo wopanda khadi la chipani ankamuyesa woukira, ndipo womuperekeza naye ankamutenga. Anawakhazika pansi padzuwa, munthu wa imvi zake.

Mmodzi anandicheukira. "Inu muli nawo limodzi?"

Abale, lilime ili! Ndinaganiza za ntchito yanga ku esiteti ya tiyi, ndinaganiza za ana.

"Ayi. Sindikuwadziwa."

Kalongonda wawo anali adakali m'mano mwanga.

A Namakhwa sanandiyang'ane n'komwe. Anatulutsa envulopu m'malaya, naiponya pafupi ndi phazi langa.

"Bambo inu odutsa," anatero mofatsa, "mwagwetsa kalata yanu. Fulumirani, mungachedwe."

Ndinatola. Kuchoka pa Chitakale kukafika kuboma ndi pafupi, tiyi wobiriwira mbali zonse, koma ndinayenda ngati ndasenza mtondo. Ndinafika cha m'ma 11. Bwana wa zamadzi anawerenga, nadinda, nati, "M'midzi mukufunika anthu olimba mtima ngati inu." Ndinangoti zikomo, maso ali pansi. Manyazi anandigwira mpaka m'mafupa.

Pobwerera a Namakhwa sindinawapeze. Mayi wogulitsa nanazi anati awatengera kuofesi ya chipani. Ndinakwera lole ndekha. Iwo anafika mawa lake wapansi, akutsimphina, mlomo wotupa, ndipo anauza anthu kuti anagwa pa lole.

Mapaipi anabwera, madzi anatuluka, amayi analulutira. Mkuluyo anamwalira osaulula kanthu, ngakhale kwa akazi awo. Ulendowu unandiphunzitsa kuti mantha angamukanitse munthu mnzake amene wadya naye mbale imodzi. Mpopi uja mpaka lero anthu amautcha "wa a Mlembi." Ine ndikaufika ludzu limatha ndisanamwe.