Batani la pa Kolala ya Achimwene

Achimwene anga asoka zovala pakhonde la sitolo ya zitsulo kwa zaka makumi atatu, ndipo palibe thupi lomwe linadutsa pa tepi yawo osanyozedwa. Akakuyeza m'chiuno, muyeso ankaulengeza mokweza kuti wogulitsa misomali m'sitolomo amve nawo. "Mainchesi fote! Mayi, nsaluyi yakulakwirani chiyani?" Anthu ankabwerabe, chifukwa kusoka kokha amakutha. Ankadzitama kuti munthu akanenepa ngakhale pang'ono, diso lawo limaona tepi isanafike.

Diso lomwelo linachita khungu pa khosi la mwini wake.

Kachotupa kanamera m'munsi mwa kholingo, kakang'ono ngati mtedza, ndipo akameza kankakwera n'kutsika. Alamu anga, akazi awo, atakaona anati apite kuchipatala. Achimwene anati shati ndi imene yachepa ndi kachapidwe ka alamuwo. Anatenga lezala, kudula batani la pakolala, n'kulisokera chakunja pang'ono. Basi, matenda atha! Patapita miyezi analisunthanso. Malo atatha pakolalapo, anayamba kudzisokera makolala otakasuka, n'kumauza makasitomala kuti ndi fashoni yatsopano. Alaliki awiri anaoda omwewo.

Zinatenga zaka ziwiri. Chomwe chinawaopsa si chotupacho ayi, koma tsiku lomwe analengeza chiuno cha mphunzitsi wina, wogulitsa misomali osamva kanthu. Mawu anali atayamba kusasa. Ine mlongo wawo ndinawakokera kuchipatala atavala shati yawo yakale, kolala ili yasa.

"Chinayamba liti, bambo?" anafunsa dokotala.

"Mwezi wathawu."

Mtima unandiwira. Ndinagwira kolala ija n'kuitembenuza. Timabowo ta singano tinali titandanda malo anayi, paliponse pomwe batani linakhalapo.

"Adokotala, werengani apa. Munthu wamkulu kunama ngati mwana!"

"Iwe, usandichititse manyazi," anatero achimwene.

"Manyazi mwawadziwa lero?"

Anawapaka mafuta ozizira pakhosi n'kuyendetsapo kachipangizo kounikira m'kati. Dokotala anauza namwino mokweza kuti chotupa cha pa chithokomiro chafika masentimita anayi. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kenako anabwera ndi singano yopyapyala yoti atengere kachidutswa kokayeza. Bambo amene amasunga mapini asanu pakamwa akulankhula anandifinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi.

Dokotala anatiuza kuti zotupa zambiri za chithokomiro sizikhala khansa. Cha achimwene chinali khansa, ya mtundu womva mankhwala, koma inali itafika kale pa mtsempha wa mawu. Akanabwera batani lisanasunthe kachiwiri, mwina mtsemphawo ukanapulumuka. Anachotsa chithokomiro chonse. Pano amamwa piritsi m'mawa uliwonse asanadye, mpaka moyo wawo wonse, ndipo alamu amawaimirira pamaso kufikira atameza. Kokayezetsa magazi sajomba. Moyo unatsala, koma mawu anapita.

Ndinkaganiza kuti ndidzasangalala ndi bata pakhonde paja. Ayi ndithu, limandipweteka. Makina amalira okha, ndipo miyeso ya anthu amangoilemba ndi choko pansalu.

Sabata yatha ndinawapititsira nsalu ya diresi. Atandiyeza m'chiuno anakoleka tepi paphewa, n'kuika zala ziwiri pakhosi panga.

"Tameza malovu," ananong'ona.

Ndinameza. Anayang'anitsitsa, anakanikiza mbali iyi ndi inayo, kenako anapukusa mutu kuti palibe kanthu.

"Nanga m'chiunomu mwapeza zingati?" ndinafunsa dala.

Anakoka mpweya, mitsempha ya m'khosi n'kuima, monga ankachitira kale pofuna kuti msewu wonse umve.

"Fote thuu. Nsaluyi yakulakwira chiyani?"

Wogulitsa misomali anali pakhomo pomwepo, koma ndinamva ndine ndekha.