Mphero zitatu za ku Kanakantapa

Ndinanyamuka ku Chalimbana m'mawa wa Juni, dzuwa likuwala koma losafunda. M'thumba ndinali ndi mbatata zowotcha ndi mwana wa mphero amene mkazi wanga, Tisauke, anandipatsa kuti ndikamusiye pa malo athu atsopano, anthu adziwe kuti pali mwini. Tinatopa n'kukhala pakhomo pa alamu anga. Mnzanga wa ku Fort Jameson anandiuza za dambo lachonde lopanda munthu.

Lole ya makala inanditenga pa sheleni imodzi. Inkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya, ndipo ndinatsika pa Chongwe ndili bii. Kuchoka apo ndinayenda pansi.

Masana ndinafika ku dambo lija, ku Kanakantapa. Dothi lakuda lija linandikomera mpaka malovu, koma mtima unandiuma. Kunali zii, ngakhale njiwa. Masuku anathera pa mtunda, ndipo kumunsi kunali zitsa zakale zokhazokha. Nyumba za Asoli, eni dziko, zinali kutali pa chitunda.

Ndinapeza bambo wina akukumba chitsime m'dambomo.

“Ba tate, n'chifukwa chani simumanga kuno kufupi na manzi?” ndinafunsa.

“Selukani muone,” anatero.

Ndinatsika ndi chingwe. M'khoma munali mzere wa phulusa, mapale ndi mphero. Pansi pake mchenga woyera, kenako phulusa ndi mphero ina. Pansi penipeni, pofika m'mawondo anga, panali yachitatu, yosalala ngati aigwiritsa ntchito dzulo.

“Midzi itatu iyo,” mawu ake anabwera kuchokera pamwamba. “Kukafunda zaka zambiri, banthu baseluka. Bana babadwa, bakalamba, baiwala. Ndiye mphepo ibwelela, chisanu chigona muno, chipha nthochi, mbuzi na makanda. Otsala bathawa, basiya mphero poti ilemela.”

“Manje tili mu zaka ziti?”

“Zofunda. Ambuye banga, obala batate, ndiye banaona zozizira.”

Ndinachita mantha, sindibisa. M'dzenjemo munkazizira mpaka m'mafupa, ndipo Tisauke anali ndi pakati.

Pobwerera ndinakwera ngolo ya ng'ombe, mwala uja ukundigunda m'nthiti njira yonse. Tisauke ataupeza m'thumba anandikalipira kuti ndine wamantha.

Tinamanga pa chitunda, ndipo madzi timatunga kutali mpaka lero. Chisanu chija sichinabwerebe. Mwana amene anali m'mimba uja wamanga nyumba ya malata m'dambomo, ndipo chaka chatha anabwera kudzatenga mphero ya amake.