Nambala ya Pamwendo

Ndikaona mdzukulu wanga akulemba ndi kamtengo pamwendo wake wotuwa, mtima umandiwawa.

Ndili kamtsikana ku Chiwalo, galimoto inagunda bambo wina wapanjinga n'kuthawa, mpunga wake uli mbwee mumsewu. Ndinalemba nambala ya galimotoyo pamwendo panga ndi kamtengo, n'kuthamangira kunyumba.

"Amayi, tiyeni tikaonetse apolisi."

Amayi anatenga mafuta amene tinkadzola Lamulungu lokha, n'kundipaka mpaka mwendo kuwala. Ine kusangalala, kuyesa akunditchenetsa kuti tizipita.

"Sunaone kanthu iwe," anatero. "Kupolisi amayamba kutsekera mboni."

Bamboyo anaikidwa m'manda, dalaivala osapezeka. Amayi ndinawakhululukira kalekale, koma amene anawaphunzitsa mantha amenewo sindidzawakhululukira.