Mlendo m'Nyumba ya Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno ku Mozambique, ndekha koyamba, kuchoka kwathu ku Zóbuè kupita ku Moatize. Zinali zaka zimene malasha anali atapengetsa anthu. Mwamuna aliyense wamphamvu zake ankatsetserekera kumeneko, ndipo bambo anga anali m'gulu la oyamba. Anapita ndili wamng'ono, anapeza ntchito ku mgodi, kenako anapezanso mkazi. Ukwati wawo ndi amayi unatha mopanda phokoso, ine n'kutsala kuchikazi monga mwa mwambo wathu. Koma tsiku lina atabwera ku maliro a achimwene awo, anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Ukamaliza kalasi ya setima udzabwere. Tidzaone za sikola kwathu kuja." Akuluakulu amataya mawu otere ngati makoko a mtedza. Ine ndinawatola n'kuwasunga.

Nditangomaliza mayeso a setima, kalasi yomaliza ya pulaimale, ndinalongedza chilichonse chimene chinali changa, makope, nsapato za kutchalitchi, ngakhale juzi. Amayi anayang'ana chikwamacho n'kundifunsa ngati ndikupita kukacheza kapena ndikusamuka. Mumtima ndinali nditasamuka kale. Ndinkafuna kukhala mwana wa m'nyumba ya bambo anga, kuphunzira kumeneko, kudzuka m'mawa n'kuwaona akumanga zingwe za nsapato.

Kwathu ku Zóbuè ndi kumapiri, kamphepo sikasowa. Shapa ikamatsika, kutentha kumakulandira pang'onopang'ono, ndipo pofika ku Moatize umamva ngati waima pafupi ndi uvuni wa njerwa. Mvula inali isanagwe chaka chimenecho. Masana kunkadzuka chimphepo chonyamula fumbi lakuda la ku mgodi, anthu n'kuthamangira kutseka mazenera ndi zitseko. Munthu wopanda chifukwa sankatuluka panja.

Mkazi wa bambo anga, amayi Joana, anali Mnyungwe wamtali, wofatsa, wolankhula Chinyanja mosamala ngati akuyenda pamatope. Anali ndi ana awiri, Zito wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi kakhanda kakumbuyo. Ndinapita nditakonzeka kukumana ndi mayi wopeza wa m'nthano, wamaso ofiira, womana ndiwo. Ndinapeza munthu amene anandiphera nkhuku. M'moyo mwanga munthu anali asanandiphereko nkhuku. Anandithirira madzi osamba m'manja, anandipatsa chiwindi, ndipo Zito anachotsedwa pa bedi lake kuti ndigonepo ine. Ndinadzimva kuti ndafika.

Bambo ankachoka m'mamawa n'kubwera atatopa, nkhope ili mbuu. Ankandifunsa ngati ndadya, ine n'kuvomera, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsiku lonse ndinkakhala m'chipinda chochezera, mazenera otseka. Amayi Joana anachita zonse zimene munthu angachite kuti mlendo asatope pamene kunja sikukutulukika. Anandiyatsira televizau n'kundipatsa karimoti kosinthira matchanelo m'manja. Ndinaonera manovela a Chipwitikizi, azungu akulirana ndi kumenyetsa zitseko, mpaka maso kuwawa. Ananditulutsira buku la zithunzi. Munali ukwati wawo, ubatizo wa Zito, bambo atavala chipewa cha ku mgodi akuseka kuseka kumene ine sindinkakudziwa. Ndinalitsegula mobwerezabwereza ngati mwina penapake pakona ndidzipezamo. Anandipatsanso makadi oti tizisewera ndi Zito, koma iye ankabera, ndipo akagonja ankathawira kukhitchini kwa amayi ake, kumene ine ndinkangomva kuseka kwawo kudzera pakhoma.

Zito ankanditchula kuti mana, kutanthauza chemwali. Poyamba ndinakondwa. Kenako ndinamumva akutchulanso choncho mtsikana wogulitsa tomato pamsewu.

Kwathu mtsikana wa msinkhu wanga sakhala manja lende. Mmawa wina ndinatenga tsache kuseri kwa chitseko. Ndisanasese ngakhale pakhomo, amayi Joana anali atafika.

"Ayi, ayi, siyani. Mukapume. Anthu adzati chiyani?"

Ndinayesa mbale, anandilanda. Ndinayesa kubereka khanda, anati lingandithire mkodzo pa diresi. Zonsezi ankanena akumwetulira, ndipo kumwetulira sungakangane nako. Ndinabwerera pa mpando wanga, pamene panali patayamba kale kulowa m'kati mofanana ndi thupi langa. Ndinasungulumwa koopsa m'nyumba yodzaza anthu. Ndinaganiza kuti mwina akundiyesa waulesi, ndipo ngati ndikufuna kukhala, ndiyenera kuwaonetsa kuti ndili ndi manja.

Mpata unabwera ndi mvula. Pampopi madzi anali atasiya kutuluka, ndipo amayi Joana ankadandaula kuti Lachinayi layandikira koma bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano cha amayi kutchalitchi, pamodzi ndi mpango wake, sizinachapidwe. Tsiku lina anapita ndi khanda ku sikelo, n'kutisiya ine ndi Zito. Chakumasana kumwamba kunada, magetsi anazima, ndipo mvula yoyamba inagunda pamalata ndi phokoso loti wina sangamve mnzake.

Mwana wa ku Zóbuè aliyense amadziwa choyenera kuchita mvula ikayamba. Umathamangira mabeseni ndi ndowa n'kutchera pansi pa denga. Madzi a padenga kwathu ndiwo madzi abwino kuposa onse, ofewa, osatha sopo, ndipo zovala zoyera timazisungira amenewo. Ndinathamanga ndi chimwemwe chimene ndinali ndisanachimve chifikireni. Ndinatchera beseni lalikulu lakuda lapulasitiki pakona pa khonde, ndipo linadzaza msanga.

"Mana, mama satunga amenewa," anatero Zito ali pakhomo.

"Iwe ukudziwa chiyani za madzi? Unatungapo?" ndinamuyankha. Ana a m'tauni ndinkawaona ngati nkhuku za m'khola, zosadziwa kumene chimanga chimachokera.

Pakhonde panali kamdima, beseni linali lakuda, ndipo ine ndinali pa changu. Ndinaviika bulauzi ndi mpango, ndinapaka sopo, ndinafikisa ndi mphamvu zanga zonse. Thovu linatuluka lotuwa, ine n'kumanyadira kuti litsiro likuchoka. Ndinatsukuluza m'ndowa ina ya madzi omwewo. Ndinaitukula bulauziyo kuti ndiione powala. Inali ya mtundu wa phulusa, ndipo m'misoko ndi m'khosi munali mizere yakuda. Fumbi lonse la malasha limene linakhala padenga chilimwe chonse linali litatsikira m'beseni langa. Ndinachapanso, zinangoipiraipira. Anthu a ku Moatize amadziwa kuti mvula yoyamba imatsuka denga, ndipo amaisiya ipite. Ine ndinaitenga n'kuipaka pa chovala chimene mayi uja ankapita nacho pamaso pa anzake ndi pamaso pa Mulungu.

Ndinaiyanika pachingwe cha pakhonde chifukwa kubisa kunalibe phindu, n'kuima pambali pake kudikira. Ndinkadziwa zimene zikanachitika kwathu. Amayi anga akanakalipa mpaka anansi kusuzumira, akanandikumbutsa zolakwa zanga kuyambira chaka chimene ndinaswa mtsuko, mwina kakhofi kakanatera, kenako akanandiponyera sopo kuti ndikonze zimene ndaononga. Madzulo ake tikanadyera mbale imodzi. Ndinkaopa, inde, koma penapake mumtima ndinali wokonzeka, mwinanso wofuna. Ndinali nditaphunzira kale mawu opepesera.

Amayi Joana anafika atanyowa, khanda ataliphimba ndi kapulana, chitenje chawo. Anaima pamaso pa bulauziyo. Ndinaona nsagwada zawo zikulimba, mphuno zikutukumuka. Anagwira mkono wa bulauziyo, anautembenuza, anausiya. Kenako anandiyang'ana, ndipo nkhope yawo inasalala pamaso panga ndikuona.

"Palibe kanthu. Simunadziwe. Lowani m'nyumba, mungadwale."

Atatero anatembenukira kwa Zito, mawu n'kusintha. Anamukalipira m'Chinyungwe, chilankhulo chawo cha pamtima, chimene kwa ine sankachigwiritsa ntchito. Ndinamva zokwanira. Ankamufunsa kuti maso ake anali kuti, ndipo anamusiyiranji mlendo kugwira madzi akuda. Anamukoka khutu, n'kumuwomba kumatako. Zito analira akulumbira kuti ananena, ndipo ankanena zoona. Ine ndinati, "Amayi, ndine ndalakwa, iye anandiuza." Anandiyankha osatembenuka, mofatsa ndithu, kuti ndisadandaule, televizau iyaka magetsi akabwera.

Ndinalowa n'kukhala pa mpando wanga. Patapita kanthawi ndinasuzumira kukhitchini. Zito anali pamiyendo pa amayi ake, akusisima, iwo akumuminitsa ndi nsonga ya kapulana n'kumamunong'oneza zinazake mpaka anayamba kuseka misozi ili m'masaya. Ndinamuchitira nsanje mwana uja. Ndinasirira khutu lake lofiiralo kuposa chilichonse chimene ndinachiona m'nyumbamo.

Mvula sinakate msanga. Inagwa masiku otsatizana, misewu ya m'dera lathu inasanduka phala lakuda, ndipo palibe amene ankatuluka kupatula bambo ndi majombo awo. Lachinayi amayi Joana anabwereka bulauzi kwa mnzawo, yothina m'khwapa, n'kupita kutchalitchi ndi ambulera. Za bulauzi yawo sanatchulenso, ngakhale kwa bambo. Chakudya changa chinkabwerabe choyamba, nsomba yaikulu ili mbali yanga. Ndinkakhala pazenera kuonerera madzi akutsika pamalata, tsopano ali oyera mbee, mabeseni a anansi ali ndandanda.

Tsiku limene bambo anapuma, tinakhala awiri m'chipinda chochezera, mpira uli pa televizau. Ndinalimba mtima.

"Papa, nanga za sikola zija?"

Sanachotse maso pa mpira. Anakanda chibwano.

"Amayi ako ali okha kuja. Komanso amalume ako sangalole. Sikola ya ku Zóbuè ndi yabwinonso, ndizikutumizira zofunika." Kenako anandifunsa, "Wasangalala koma? Akusamala bwino?"

"Andisamala bwino," ndinatero, ndipo silinali bodza.

Kutangocha bwino bambo anandiperekeza kokwerera shapa yobwerera kwathu. Amayi Joana anandimangira shuga, mafuta ophikira ndi kapulana yatsopano, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Mudzabwerenso kudzationa," anatero. Zito anandibayibitsa mpaka tinakhota. M'shapa ndinakhala kumbuyo, chikwama changa chonse chija pamiyendo, ndipo ndinalira mwakachetechete kuyambira pamene tinadutsa njanji mpaka mapiri akwathu ataoneka. Mayi wina amene anakhala pambali panga anandifunsa ngati kumene ndikuchokera anandizunza. Ndinapukusa mutu, ndipo sindikanatha kumufotokozera.

Lero ndine mayi, ndili ndi nyumba yanga ndi ana anga, ndipo sindiwaimba mlandu amayi Joana. Sanali munthu woipa. Anali ndi nyumba yaing'ono, ana aang'ono, ndi mwamuna amene analonjeza mwana chinthu osawafunsa iwo. Ankaopa kuti akandikweza mawu kamodzi kokha, mbiri ikafika ku Zóbuè yoti mayi wopeza akuzunza mwana wa mwini. Choncho anandisunga mwaulemu, ndipo ulemu umenewo unali yankho lawo, ine ndisanafunse n'komwe. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu amene akuyembekezera kuti uchoka sataya nthawi kukudzudzula. Amakudzudzula ndi amene akudziwa kuti mawa udzakhalapobe, ndipo bulauzi ina udzaichapanso ndiwe.

Bambo anga alipo, anapuma ntchito, ndipo timayankhulana pafoni pa Khirisimasi. Amandifunsa za ana, ine ndimawafunsa za miyendo yawo. Sitinayambanepo chibadwire changa. Anzanga akamadandaula za makolo awo olongolola, amati ndili ndi mwayi, ine n'kungoseka nawo. Kunyumba kwa bambo anga palibe amene anandikalipirapo, ndipo mpaka pano zimandiwawa.