Tsikani Pansi, Azakhali

"Ndiye ulendo uno tinene kuti walakwa ndi mphunzitsi uti?" anafunsa mayi.

Bambo ankapukuta magalasi awo omwe anali oyera kale. Mwana wawo wamkazi, yemwe pakhomopo ankamutchula kuti Injiniya chifukwa cha maloto ake, anangozolika. Anali atalakwa fizikisi kachiwiri, ndipo dzina lija linali litayamba kumveka ngati chipongwe.

Ku koleji ya uinjiniya sankalandira munthu wopanda fizikisi. Bambo anati amulola kulembanso kamodzi kokha. Akalakwanso, mpando wake unalipo kale kuseri kwa kauntala, m'golosale ya azakhali ake.

Malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu anawaloweza ngati nyimbo. Koma mayeso safuna woimba.

Podikira mayesowo, ntchito yake inali yokankha galimoto. Bambo anali ndi galimoto yakale yonyamula katundu, yotseguka kumbuyo, yomwe batire yake inafa kalekale. M'mawa uliwonse bambo ankakhala pachiwongolero n'kumalamula ngati woyendetsa ndege, mayi ndi Injiniya akutuluka thukuta kumbuyo.

Tsiku lina kutagwa mvula, azakhali anabwera kuti akwere nawo kukapikula katundu. Anali atavala nsapato zatsopano, ndiye zoponda matope anakana. Anakwera kumbuyo, n'kuimirira momwemo, n'kutsamiza manja pa denga la kutsogolo.

"Tiyeni! Nanenso ndikukankha!" anakuwa, mitsempha ya m'khosi ili tototo.

Galimoto osasuntha.

Injiniya anadzutsa mutu n'kuwayang'ana bwinobwino. Manja a azakhali ankakankhira galimoto kutsogolo, koma mapazi awo ankaikankhira kumbuyo ndi mphamvu yomweyo. Thukuta lonselo linkathera momwemo. Anayang'ana mapazi ake: iye ankakankha nthaka cham'mbuyo, nthaka n'kumamubwezera chakutsogolo. Lamulo lachitatu lija, loti ukakankha chinthu nachonso chimakukankha ndi mphamvu yomweyo, lomwe linamuzunza zaka zonsezo, linali chiimire pagalimoto, litavala nsapato zatsopano.

Anaphulika nako kuseka.

"Azakhali, tsikani pansi! Mukungotiwonjezera kulemera."

"Iwe! Ukunena kuti ndine wonenepa?"

"Si ine ayi, ndi lamulo lachiwiri. Katundu akachuluka, pamafunikanso mphamvu zambiri kuti ayende mwaliwiro."

"Lamulo lakolo lidzandipeze kugolosale," anatero azakhali, koma anavula nsapato n'kutsika.

Atatuwo anakankha. Poyamba galimoto inakanirira, kenako inagwedezeka, ndipo itangoyamba kugudubuzika inapepuka moti azakhali anatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Limenelo linali lamulo loyamba: choima chimaimabe mpaka mphamvu yochokera kunja ichikankhe, ndipo chikayenda sichiima chokha, pokhapokha china chichiletse.

Injini itadzuka, Injiniya anatsala chiimire mu utsi. Anazindikira kuti nayenso ankakankha ali m'kati. Ankadzitsekera m'chipinda ndi buku, kuopa kufunsa kuti angamuseke.

Masana omwewo anakagogoda kwa mphunzitsi wake wakale.

"Wabweranso?" anafunsa mphunzitsiyo.

"Ndabwera kuti mundikankhe, aphunzitsi. Ndekha ndalephera."

Anamuika m'gulu la ana omwe anali kumbuyo kwake kusukulu. Manyazi analipo, koma manyazi sapha. Funso lililonse, kaya la mpira, kaya la chikepe, ankayamba wajambula kagalimoto ndi mivi yosonyeza yemwe akukankha ndi komwe akukankhira. Anzake anaseka, kenako anayamba kukopera. Zina ankalakwabe, koma tsopano ankadziwa pomwe waphonya.

Zotsatira zitatuluka, woyamba kululutira anali azakhali, ngakhale anali atataya wogulitsa m'golosale.

"Ndinamuphunzitsa ndine ameneyu!" ankauza aliyense wogula sopo.

Lero Injiniya amayesa mabuleki a mabasi, ndipo akamuitana dzinalo palibe amene amaseka.

Inu amene mwaima malo amodzi, thukuta lili kamukamu koma osasuntha, mtima usagwe pansi. Mwina mphamvu muli nazo, kungoti mukukankha muli m'kati. Tsikani, mupondepo m'matope, muitane anzanu. Chovuta ndi poyambira.

Posachedwapa bambo anamuuza kuti kwabwera munthu wofuna kugula galimoto ija. Injiniya anaizungulira kamodzi, n'kusisita pomwe manja awo anafufuta penti.

"Iyi sitigulitsa," anatero. "Ndipo batire musagule."