Zigamba za pa Ntchafu za Apongozi Anga

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko n'kudzuka, poti ndinangotsamira khoma la khitchini chikhalire. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndiye m'nyumba ya siwa munangotsala mmodzi wong'ung'udza nyimbo ya Chitumbuka. Panja amuna anagona mozungulira zitsa zofuka, zipewa kumaso. Kunkazizira kolowa m'mano, monga kumachitira kuno mwezi wa Juni. Ndinatenga ndowa n'kutsikira kumjigo, chifukwa pa maliro a apongozi madzi ndi nkhuni ndi ntchito ya ife akamwana.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ndinakwatiwa kuno kummwera kwa Mzimba, kufupi ndi Manyamula, komwe Naphiri anasanduka NyaPhiri. Amuna anga ali ku Joni ngati amuna ambiri a mudzi uno, ndipo tsiku limenelo anali akadali m'basi kutali. Apongozi aakazi anatisiya kale. Choncho impso za apongozi aamuna zitasiya kugwira ntchito, wopita nawo ku Lilongwe kukawadwazika ndinali ine. Tinachita lendi kachipinda, n'kumapita kuchipatala kukatsukitsa magazi pa makina. Makinawo ankawasunga ndi moyo, koma miyendo inatha, ntchafu zinangotsala ngati mipini ya makasu. Munthu amene ankagwetsa yekha ng'ombe yamphongo anafika ponyamulidwa ndi ana a eni nyumba popita kuchimbudzi.

Mayi wina wa kuchipatala, wophunzitsa odwala kuyendanso, ndiye anatibwereka kamakina kangati wailesi ya m'thumba, ka nthambo ndi zomata zinayi. Anati munthu wofooka chonchi sangathe kulimbitsa thupi yekha, ndiye timagetsi tochepa timamukokera minofu iye ali chigonere. Koma pamafunika kumeta ubweya pa ntchafu n'kumatapo zomatazo, ndipo manja a apongozi ankanjenjemera. Tsono kuno mkamwana sakhala mphasa imodzi ndi apongozi aamuna. Amagwada patali, maso pansi, ngakhale mbale amapereka kudzera mwa mwana. Ndinaima ndi lezala m'manja. Iwo anatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Mata, mwana wanga. Ine kwathu ndikalowa ndi miyendo yanga."

Zimenezi ndi zomwe zinkandizungulira m'mutu ndikubwerera ndi ndowa, kum'mawa kukuyera.

Dzuwa silinatuluke bwino. Kunagwa nkhungu, kenako kamvula kowaza kosanyowetsa nthaka koma konyowetsa anthu. Tinasonkha moto kuseri kwa nkhokwe, nkhuni zili zaziwisi, utsi wokhawokha. Anthu anayamba kufika. Ena anatsika lole ya ku Boma atafunda mabulangete, ena pa njinga, amayi akuyamba kulira akangoona denga la nyumba. Kunabweranso nkhalamba zingapo zimene zinkacheka matabwa ndi malemu ku Chikangawa kale, zitavala majekete otuwa. Aliyense wofika ankafunsa chinthu chimodzi: zatheka bwanji, munthu tinamva kuti wabwera akuyenda?

Anabweradi akuyenda. Patatha miyezi tikumata tsiku ndi tsiku, anayamba kuima atagwira khoma, kenako kufika pakhomo ndi ndodo. Atangoona kuti miyendo yabwerera, anauza adokotala kuti atopa ndi makina otsuka magazi, akufuna kwawo. Adokotala anawafotokozera mosabisa kuti akasiya, masiku awo adzakhala ochepa. Iwo anati amva. Titatsika galimoto pamsewu anakana kabaza, nayenda okha pang'onopang'ono mpaka pa khola la ng'ombe zawo. Mudzi wonse unaimba nthungululu kuti achira. Ine sindinaimbe. Anandiletsa kuuza anthu, ati adzanena okha, koma zinawakomera kupatsidwa moni ngati munthu wochira, mpaka anatisiya osanena.

Cham'mamawa ndithu akuluakulu analowa kukasambitsa thupi. Potuluka sanandiyang'ane. Sipanapite nthawi, manong'onong'o anafika pamoto pathu. Ndinali ndikuvundula ndiwo za adzukulu, aja okumba manda, pamene mayi wina anandilanda mthiko m'manja n'kunena mwaulemu kuti ndikapume. Pa maliro akakuchotsa pa mphika, ndiye kuti anthu akuopa kudya za m'manja mwako. Ndinakakhala pa mtondo ndekha, ndipo kunena zoona miyendo yanga inayamika.

Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha, koma bokosi silinatsekedwe. Abusa ankangoyang'ana kumwamba, kenako pa wotchi. Ndipomwe anandiitanitsa kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndinapezako ang'ono awo a malemu, akuluakulu awiri osambitsa aja, ndi ankhazi, mlongo wawo wamkulu wa apongozi, amene mawu awo pabanja pano salumphidwa. Ndinagwada patali monga mwa mwambo, mawondo m'matope.

Amene analankhula anali ang'ono a malemu. Anati pa ntchafu za mkulu wawo apeza zigamba zinayi zometedwa, zakuda m'mbali ngati pootchedwa. Anati ana anena kuti ku Lilongwe ndinabwerako ndi kachinthu ka magetsi. Munthu anabwera akuyenda, lero ali gone, ndiye ndifotokoze. Ndikapanda kufotokoza zomveka, bokosi silituluka, ndipo ine ndinyamule zanga wa ku Dowa. Za ana sanachite kutchula, ndinkadziwa kale. Ng'ombe za lobola zinapita kwathu, ana ndi a pano.

Ndimayesa ndichita mantha, koma ayi, ndinalibe mphamvu zake. Chomwe chinabwera ndi mkwiyo wa munthu wosagona. Ndinanyamuka osapempha, n'kukatenga kamakina kaja m'chikwama, n'kukaika pa chitenje patsogolo pawo. Ndinafotokoza za impso, za minofu, za zimene adokotala ananena, ndi kuti kudako n'kwa zomata zokhalitsa pakhungu lokalamba. Amunawo ankayang'ana nthambozo ngati njoka.

Ankhazi sanafunse za magetsi. Anafunsa kuti, "Wometa ndi womata anali ndani?"

"Ine, ankhazi."

Ang'ono a malemu analavula malovu pambali. Mmodzi wa akuluakulu aja anagwira pakamwa. Pamenepo ndinaona kuti mlandu wakupha ukanandipepukira kusiyana ndi uwu, wakuti mkamwana anaona ntchafu za apongozi ake n'kuzigwira.

Ankhazi anakwinya juzi n'kutambasula mkono wawo wowonda. Anati ndimate pamenepo. Ndinasendera, ndinamata ziwiri, n'kutsegula pang'ono ngati mmene ndinkayambira ndi malemu. Zala zawo zinayamba kupindika zokha, kutambasuka, kupindikanso. Anaziyang'ana nthawi yaitali, mvula ikudontha kuchokera pa udzu wa chigafa. Anafunsa ngati mlongo wawo ankamva kuwawa. Ndinati ayi, ankaseka, ankati nyerere zikuwayenda, ndipo tsiku limene anaima koyamba anaimba nyimbo ya ingoma mpaka eni nyumba kudzasuzumira.

"Panalibe mwamuna aliyense woti n'kumata?"

"Panalibe aliyense, ankhazi. Foni ndinkaimba."

 Onse amene anali pamenepo foniyo anailandirapo, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake, wina fodya ali pa chigafa, wina msana, wina ulendo watalika. Ankhazi anamatula zomata zija okha, n'kuzipinda bwinobwino, n'kundipatsa. Anati, "Mbwenu, basi. Katsekeni bokosi." Ang'ono a malemu anayamba kunena za mwambo, kuti zoterezi sizinachitikepo pamudzi pano. Ankhazi anawayankha osakweza mawu kuti akanapita iwo ku Lilongwe, bwenzi lezalalo atagwira ndi iwo, mwambo uli chilili.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Manda a banja ali kuseri kwa khola, choncho bokosi linadutsa njira yomwe ija anayendamo ndi ndodo. Anyamata ankalandirana, nsapato zikuterereka, amayi a mpingo ali patsogolo ndi nkhata zonyowa. Ng'ombe zinali zisanatsekuliridwe tsiku lonse, zinangoimika mitu pa mipanda n'kumalira njala. Ine ndinali kumbuyo ndi akamwana anzanga, ndipo ndinaona kuti mbali zanga zonse ziwiri panali mpata woti n'kudutsa njinga.

Polankhula m'malo mwa banja, ang'ono a malemu anati mkulu wawo wadwala nthawi yaitali matenda a impso, banja layesetsa, Mulungu watenga. Banja layesetsa!  Nkhalamba imodzi ya ku Chikangawa inayamba kufotokoza za macheka a kale mpaka anachita kuikoka jekete. Dothi linali lolemera ndi madzi, adzukulu anakwirira mosinthana, akupuma. Nditaika nkhata yanga ndinafuna kulira, koma misozi sinabwere, ndinangomva msana kuwawa. Amuna anga anaimba foni tikubwerera, ndinangowauza kuti taika bwino, zina adzamva akafika.

Pofika madzulo lole inali itapita, njinga zitatha. Panatsala phulusa, mapoto obwereka ndi mabenchi a kutchalitchi ataunjikidwa pakhonde. Mayi wondilanda mthiko uja anachoka osanditsanzika, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyi idzanditsata kumjigo ndi kuchigayo mpaka kalekale. Ana anagona osavula nsapato. Abale otsala anali m'nyumba ya ang'ono a malemu, ndiye kwathu kunangoti zii, kumveka madontho a padenga okha. Nthawi imeneyo ndi yomwe tinkamata. Ndinapezeka ndatulutsa kamakina kaja, ndikupukuta nthambo zake, ndisanakumbukire kuti kayenera kubwerera ku Lilongwe, kuli nkhalamba zina zokadikira.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Anali ankhazi, atanyamula beseni la madzi otentha ndi kansalu. Ndinafuna kudzuka kuti ndiwalandire, poti mkamwana ndiye amatengera ankhazi madzi, koma anandikankhira pansi ndi dzanja lomwe lija. Anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kukoka mapazi anga amatope kuwaika pa miyendo pawo.

"Tambasula, NyaPhiri," anatero. "Yatopa chomene iyi."

Anafinya kansalu kaja n'kuyamba kundithowa, kuyambira m'akakolo kukwera m'mawondo. Misozi imene inakana kumanda inabwera pamenepo. Iwo sanandiletse, anangoviikanso kansalu m'madzi n'kupitiriza mwendo winawo.