Kakhasu Kanga Kumanda

Dzulo ndinagula masuku pa Nsipe, fungo lake n'kundibweza kwathu ku Kandeu. Phiri lonse anali atalimeta ootcha makala, koma kumanda kokha kunali kuli bii ndi misuku, miula ndi mithudza, zipatso zikungowolera pansi. Nkhwangwa sinkalowako. Ine ndili mwana ndinkayesa akufa ndiwo amadzala mitengoyo, ndiye bambo atamwalira ndinakawasiyira kakhasu kanga ndi njere za mango m'mphepete mwa msitu.

"Amayi, kodi bambo adzala liti?"

Amayi anaseka misozi ikulengeza. "Akufa sadzala, mwananga. Amangotigwira manja ife amoyo."

Kakhasuko palibe anakatola, mpaka chiswe chinamaliza mpini. Ndazindikira nditakula kuti manja amene anasiya kakhasu kanga osakatola ndi omwewo anasiya mitengo ija osaidula.